Mabokosi, mivi ndi mapulogalamu: kumvetsa zithunzi zosanjira mfundo pophunzitsa

Mphunzitsi amene akufufuza pa intaneti njira yothandizira ophunzira ake kumvetsa phunziro lovuta sachedwa kukumana ndi mapepala ojambulidwa mabokosi, mikombero ndi mivi. Masamba ena amapereka mapepalawa ulere, ena amagulitsa, ndipo ena amamupempha kuti atsegule akaunti n'kuyamba kujambula pa kompyuta pomwepo. Mayina nawonso ndi ambiri. Pena akuti graphic organizer, pena concept map, pena mind map, pena visual learning, ndipo tsamba lililonse limalankhula ngati kuti chida chake ndicho chimene kalasi yakhala ikusowa. N'zosadabwitsa kuti aphunzitsi ndi makolo ambiri amasokonezeka, osadziwa ngati zonsezi ndi chinthu chimodzi, ngati zimathandizadi, komanso ngati pali chifukwa cholipirira pulogalamu pamene pepala ndi pensulo zilipo. Kuti mafunso amenewa ayankhike, pafunika kulekanitsa zinthu zitatu zimene nthawi zambiri zimabwera zitamangidwa mtolo umodzi: chithunzi chenichenicho, pulogalamu yojambulira chithunzicho, ndi tsamba limene likuchigawa.

Chithunzi chosanjira mfundo n'chiyani?

Chithunzi chosanjira mfundo, chimene pa Chingerezi amati graphic organizer, ndi njira yoikira mfundo papepala kapena pa sikirini motsatira ubale wake, kotero kuti malo amene mfundo yakhala akunena kanthu za mfundoyo. Mfundo imene ili pamwamba ndi yaikulu kuposa zimene zili pansi pake, muvi ukusonyeza chimene chayambitsa chinzake, ndipo zinthu zimene zili m'bokosi limodzi zili ndi kanthu kofanana. Apa ndi pamene chimasiyanirana ndi chithunzi wamba. Chithunzi cha mtima wa munthu chimaonetsa mmene mtima umaonekera, koma mabokosi anayi olumikizidwa ndi mivi yosonyeza njira imene magazi amadutsa amaonetsa mmene mtima umagwirira ntchito, ngakhale kuti mabokosiwo sakufanana ndi mtima ngakhale pang'ono.

Tingachiyerekeze ndi kabati yokhala ndi mashelefu. Zovala zimene zaunjikidwa pansi ndi zomwezo zimene zapindidwa n'kuikidwa m'kabati, palibe chawonjezeka, koma munthu amapeza msanga chimene akufuna, ndipo shelefu yopanda kanthu imamuuza chimene chikusowa. Mawu olembedwa m'ndime amabwera motsatizana, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo wowerenga amayenera kusunga m'mutu mfundo ya pa chiyambi mpaka atafika pa mfundo ya kumapeto imene ikugwirizana nayo. Chithunzi chimaika mfundo ziwirizo moyandikana.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri kuposa kompyuta. Katswiri wa nzeru zakuya Porphyry, amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 200, anafotokoza mmene zinthu zimagawikira kuchokera ku gulu lalikulu kufika ku timagulu ting'onoting'ono, ndipo olemba a pambuyo pake anajambula maganizo akewo ngati mtengo wa nthambi. Mu 1765 Joseph Priestley wa ku England anasindikiza tchati choonetsa zaka zimene anthu otchuka anakhala ndi moyo, aliyense ngati kamzere pa mzere wautali wa nthawi. John Venn wa ku Cambridge anafotokoza mikombero yake yolowana mu 1880, ndipo mu 1921 Frank ndi Lillian Gilbreth anaonetsa mainjiniya anzawo ku America matchati otsata ndondomeko ya ntchito sitepe ndi sitepe. Zambiri mwa zithunzizi sizinapangidwire ana a sukulu. Zinachokera kwa akatswiri amene ankafuna kuona bwino maganizo awo omwe.

Chimene chinazilowetsa m'kalasi mwamphamvu ndi ntchito ya David Ausubel, katswiri wa kaganizidwe ka munthu wa ku America. Mu 1960 iye anaonetsa kuti ophunzira amagwira bwino nkhani yatsopano akayamba apatsidwa mfundo zikuluzikulu zoti nkhaniyo idzakolekedwepo, ndipo m'buku lake la mu 1968 anatsindika kuti chinthu chofunika koposa pa kuphunzira ndi zimene wophunzirayo akudziwa kale. Mfundo zotsogolera zimenezi za Ausubel zinali ndime zolembedwa, koma aphunzitsi a kuwerenga amene anamutsatira anazisandutsa zojambula.

Mtundu uliwonse uli ndi funso lake

Masamba a pa intaneti amasanja zithunzizi m'mitundu yambirimbiri, koma zambiri mwa izo zimayankha limodzi mwa mafunso ochepa. Mikombero ya Venn imayankha funso lakuti zinthu ziwiri zikufanana pati ndipo zikusiyana pati. Mzere wa nthawi ndi tchati cha ndondomeko zimayankha funso lakuti chinayamba n'chiti ndipo chinatsatira n'chiti. Chithunzi chooneka ngati minga ya nsomba, chimene Kaoru Ishikawa wa ku Japan anachitchukitsa m'zaka za m'ma 1960 pofufuza zolakwika m'mafakitale, chimayankha funso lakuti vuto ili layamba chifukwa chiyani: vutolo limalembedwa kumutu kwa nsomba, ndipo munga uliwonse umanyamula gulu la zifukwa. Tchati cha KWL, chimene Donna Ogle anachifalitsa mu 1986, chili ndi mizati itatu ya zimene wophunzira akudziwa kale, zimene akufuna kudziwa, ndi zimene waphunzira atawerenga. Palinso bokosi la Frayer, lochokera ku ntchito ya Dorothy Frayer ndi anzake ku yunivesite ya Wisconsin mu 1969, limene limaika mawu atsopano pakati, n'kuwazinga ndi tanthauzo lake, makhalidwe ake, zitsanzo zake, ndi zinthu zimene si zitsanzo zake.

Vuto limene limachitika kawirikawiri ndi losankha chithunzi chifukwa chakuti chapezeka mosavuta kapena chikuoneka bwino, osati chifukwa chakuti chikugwirizana ndi kamangidwe ka nkhani. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wasindikiza mikombero iwiri yolowana, n'kuuza ophunzira kuti alembemo za moyo wa gulugufe. Mwana akuyang'ana pepalalo, akudziwa kuti pali dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe, koma sakuona poika zinthu zinayi zotsatizana m'mikombero iwiri yofananitsira. Pamapeto pake akulemba dzira kumanzere, gulugufe kumanja, mbozi pakati, chikwa n'kuchisiya kunja. Pepala ladzaza ndithu, koma lamuphunzitsa zabodza, chifukwa mfundo yaikulu ya phunzirolo inali yakuti zinthuzi zimatsatizana n'kubwereranso poyambira, ndipo chofunika chinali mivi yozungulira. Mikombero yomweyo ikanagwira bwino ntchito funso likanakhala losiyanitsa chule ndi nsomba. Kiyi amatsegula loko wake yekha, ndipo n'chimodzimodzi ndi zithunzizi.

Mapu a mfundo ndi mapu a maganizo si chinthu chimodzi

Mitundu iwiriyi ndiyo imasokonezedwa kwambiri, ndipo ngakhale masamba ena ophunzitsa amasinthanitsa mayina ake.

Mapu a mfundo, concept map, anayambira ku yunivesite ya Cornell mu 1972. Joseph Novak ndi gulu lake ankatsata mmene ana amamvetsera mfundo za sayansi pamene akukula, ndipo anali ndi milumilu ya zokambirana zimene anachita ndi anawo. Kuti aone kusintha kwa kamvedwe ka mwana mmodzi pa zaka zingapo, anayamba kujambula mfundo za mwanayo m'mabokosi n'kuzilumikiza ndi mizere, potsatira maganizo a Ausubel. Chinthu chimene chimasiyanitsa mapu amenewa ndi ena onse n'chakuti pa mzere uliwonse pamalembedwa mawu olumikizira, kotero kuti mabokosi awiri ndi mzere wawo zimawerengeka ngati chiganizo chathunthu. Sikokwanira kulumikiza "zomera" ndi "kuwala kwa dzuwa". Wojambulayo ayenera kulemba kuti zomera "zimagwiritsa ntchito" kuwala kwa dzuwa, ndipo chiganizo chimenecho chikhoza kukhala choona kapena chabodza. Novak ndi Bob Gowin anafalitsa njirayi kwa aphunzitsi m'buku lawo la mu 1984.

Phindu la mawu olumikizirawa limaoneka bwino wophunzira akalakwitsa. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wajambula bokosi lakuti "mtengo", bokosi lina lakuti "dothi", ndipo pa muvi walemba kuti "umadya". Pa mayeso ofuna yankho lalifupi mtsikanayu akanatha kutchula molondola madzi, mpweya ndi kuwala kwa dzuwa, mphunzitsi n'kumuchonga, osadziwa kuti m'mutu mwake akukhulupirirabe kuti thunthu la mtengo ndi dothi losandulika. Pa mapu ake maganizo olakwikawo aonekera poyera m'mawu amodzi okha. Apa mphunzitsi akhoza kumufotokozera za Jan Baptist van Helmont, amene m'zaka za m'ma 1600 anadzala kamtengo mumphika wa dothi lopimidwa, n'kukathirira kwa zaka zisanu, ndipo anapeza kuti mtengowo walemera ndi makilogalamu oposa 70 pamene dothi lachepa ndi magalamu osakwana 100. Mtsikanayo akafufuta mawu akuti "umadya" n'kuyamba kufunafuna mawu oyenera, ndiye kuti phunziro layamba kulowa. Kwa ine, apa ndi pamene pagona mphamvu yeniyeni ya zithunzizi: zimakakamiza munthu kunena ubale umene akanatha kuulambalala.

Mapu a maganizo, mind map, anatchuka kudzera mwa Tony Buzan wa ku Britain, amene anawaonetsa pa wailesi ya kanema ya BBC mu 1974. Mutu wa nkhani umakhala pakati, nthambi zimatuluka mbali zonse, nthambi iliyonse imanyamula mawu amodzi kapena awiri, ndipo mitundu ya utoto ndi tizithunzi zimalimbikitsidwa. Mizere yake nthawi zambiri siilembedwa mawu olumikizira. Choncho mapu a maganizo amafanana ndi mtengo umene nthambi zake zonse zimachokera pa thunthu limodzi, pamene mapu a mfundo amafanana ndi mapu a misewu, pomwe malo alionse akhoza kulumikizana ndi ena ndipo msewu uliwonse uli ndi dzina. Mapu a maganizo ndi abwino potolera maganizo msanga munthu asanayambe kulemba chimangirizo, ndipo mapu a mfundo ndi abwino poyesa ngati munthu wamvetsa.

N'chifukwa chiyani zithunzi zimathandiza, ndipo "kuphunzira poona" kumatanthauza chiyani?

Akatswiri amapereka zifukwa ziwiri zikuluzikulu. Choyamba chinachokera kwa Allan Paivio wa ku Canada, amene mu 1971 anafotokoza kuti ubongo umasunga mawu ndi zithunzi m'njira ziwiri zosiyana koma zolumikizana, kotero kuti mfundo imene yalowa kudzera m'njira zonse ziwiri imakhala ndi mwayi wokumbukika mosavuta. Zili ngati katundu womangidwa ndi zingwe ziwiri, chimodzi chikaduka chinacho chimagwirabe.

Chachiwiri chikukhudza kuchepa kwa zinthu zimene munthu angasunge m'mutu pa nthawi imodzi. Mu 1956 George Miller analemba kuti chiwerengerochi chili cha m'ma 7, ndipo ofufuza a pambuyo pake, monga Nelson Cowan mu 2001, anachitsitsa kufika cha m'ma 4. John Sweller wa ku Australia anamangira pa mfundoyi mu 1988 pofotokoza kuti phunziro likadzaza malo ochepawa ndi zinthu zosafunika, sipatsala malo ophunzirira zenizeni. Chithunzi chosanjidwa bwino chimasunga mfundo papepala m'malo mwa m'mutu, n'kusiyira ubongo mpata woganiza. Koma mfundo yomweyi ndi chenjezo kwa opanga mapepala okongola. Richard Mayer, amene wachita kafukufuku wambiri pa kuphunzira kudzera m'mawu ndi zithunzi pamodzi, anapeza mobwerezabwereza kuti zokongoletsa zosakhudzana ndi phunziro zimachepetsa zimene wophunzira amagwira. Pepala lodzaza maluwa ndi tinyama m'mphepete likhoza kukhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chinthu china chimene masamba ambiri amachiphatikiza ndi mfundo zimenezi, pamene n'chosiyana. Ndi chiphunzitso chakuti anthu ena ndi "ophunzira poona", ena "pomva", ena "pochita", ndipo aliyense aziphunzitsidwa m'njira yake yokha. Chiphunzitsochi chinafala kwambiri kudzera m'mafunso odziyesera monga a VARK, amene Neil Fleming wa ku New Zealand anakonza mu 1987. Mu 2008 akatswiri anayi, Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork, anaunika kafukufuku amene analipo ndipo sanapeze umboni wokwanira wakuti kugwirizanitsa kaphunzitsidwe ndi mtundu umene wophunzira akudzitcha kumakweza zotsatira zake. Palibe amene akukana kuti anthu amakonda njira zosiyanasiyana, ndipo aphunzitsi amene amatsatira chiphunzitsochi amati chimawakumbutsa kusinthasintha kaphunzitsidwe. Komabe kukonda njira ndi kupindula nayo ndi zinthu ziwiri. Zimene Paivio ndi Mayer ananena ndi za ophunzira onse, osati za gulu lapadera la "oona".

Kafukufuku akuti chiyani?

Umboni wokomera zithunzizi ulipo ndithu. Mu 2000 gulu la National Reading Panel la ku America linaziika pa mndandanda wa njira zimene zili ndi umboni wakuti zimathandiza ana kumvetsa zimene akuwerenga. Mu 2006 John Nesbit ndi Olusola Adesope anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 55 wokhudza ophunzira oposa 5,000, ndipo anapeza kuti mapu a mfundo amathandiza kukumbukira ndi kugwiritsa ntchito zimene munthu waphunzira kuposa kungowerenga kapena kungomvetsera mphunzitsi. Anapezanso kuti kusiyanako kumachepa mapuwo akayerekezedwa ndi ntchito zina zofuna kuganiza, monga kulemba chidule. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ikusonyeza kuti mbali ina ya phindu imachokera ku khama loganiza, osati ku mabokosi pawokha.

Mu 2011 Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt a ku yunivesite ya Purdue anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira zimene zinadabwitsa ambiri. Ophunzira amene anawerenga nkhani ya sayansi, n'kuitseka, n'kuyesa kulemba zonse zimene akukumbukira, anakhoza bwino patapita sabata kuposa amene anajambula mapu a mfundo nkhaniyo ili pamaso pawo, ngakhale pamene mayeso omalizawo anali ojambula mapu. Otsatira Novak anayankha kuti ophunzirawo sanaphunzitsidwe mokwanira kujambula mapu. Ofufuza awiri omwewo anaonetsa mu 2014 kuti kujambula mapu buku lili chitsekere kumathandiza mofanana ndi kulemba zimene munthu akukumbukira. Choncho nthawi imene chithunzicho chikujambulidwa, komanso ngati buku lili lotsegula kapena lotseka, zimasintha zotsatira.

Mkangano wina ndi wakuti ajambule ndani. Andrew Stull ndi Richard Mayer anapeza mu 2007 kuti ophunzira amene anapatsidwa zithunzi zodzaza kale anamvetsa bwino nkhani kuposa amene anauzidwa kupanga zawo, mwina chifukwa chakuti ntchito yojambulayo inawadyera mphamvu zoganizira. Koma kuunika kwina kwa kafukufuku wambiri, kumene kunatuluka mu 2018, kunapeza kuti kudzipangira mapu kumapindulitsa kwambiri kuposa kungowerenga a wina. Aphunzitsi ambiri amadutsa pakati: amayamba ndi chithunzi chodzaza, kenako chodzaza theka, kenako pepala lopanda kanthu, monga mmene munthu wophunzitsa mwana njinga amayamba wagwira chishalo n'kumasiya pang'onopang'ono.

Mapulogalamu ojambulira

Pulogalamu yojambulira zithunzizi ndi chida chimene chimalola munthu kupanga mabokosi, kuwalumikiza, ndi kuwasuntha popanda kufufuta. Mfundo yomalizayi ikuoneka yaing'ono, koma ndiyo phindu lalikulu la kompyuta pa ntchitoyi. Papepala, wophunzira akazindikira kuti bokosi lina lili pamalo olakwika amayenera kuyambiranso, ndipo ambiri amangolisiya. Pa sikirini amalikoka, mivi yonse n'kulitsatira.

M'sukulu za ku America pulogalamu imene inatchuka kwa nthawi yaitali ndi Inspiration, yochokera ku kampani ya mumzinda wa Portland ku Oregon, pamodzi ndi inzake ya ana aang'ono yotchedwa Kidspiration. Chimene aphunzitsi ankaikondera n'chakuti munthu akangodina batani limodzi, chithunzi chinkasanduka mndandanda wa mitu ndi timitu woyambira kulemba chimangirizo. CmapTools, yochokera ku bungwe la kafukufuku la IHMC ku Florida kumene Novak anagwirako ntchito, inapangidwira mapu a mfundo makamaka ndipo imapezeka ulere. FreeMind ndi Freeplane ndi mapulogalamu a mapu a maganizo amene aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ndi kuwasintha, ndipo amagwira ntchito popanda intaneti. Pambuyo pake kunabwera zida zotsegulira pa intaneti pomwepo, monga MindMeister, Coggle, Lucidchart, Miro ndi Canva, zimene zimalola ophunzira angapo kujambula pa chithunzi chimodzi nthawi imodzi ali malo osiyana. Zambiri mwa izi zimapereka mbali ina ulere, n'kuika malire pa chiwerengero cha zithunzi kapena pa njira zozisungira, ndipo wofuna zambiri amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka.

Kusiyana kwa pulogalamu yoikidwa pa kompyuta ndi chida cha pa intaneti kukufanana ndi kusiyana kwa nyumba yako ndi nyumba ya lendi. Ya lendi imakonzedwa ndi mwini wake ndipo sufunika ndalama zambiri poyamba, koma mwiniyo akasintha maganizo umasamuka. Izi zachitikapo kale. Kampani ya Adobe itasiya Flash, pulogalamu yoonetsera makanema ndi masewera pa intaneti, kumapeto kwa 2020, zida zambiri zophunzitsira zimene zinamangidwa pa Flash zinaleka kugwira ntchito. Google inatseka bolodi lake la pa intaneti lotchedwa Jamboard kumapeto kwa 2024, ndipo aphunzitsi anayenera kusamutsa ntchito zawo nthawi isanathe. N'chifukwa chake funso loyenera kufunsa munthu asanasankhe chida si lakuti chili ndi zokongoletsa zingati, koma lakuti chimalola kutulutsa ntchito ngati PDF, ngati chithunzi, kapena m'njira imene pulogalamu ina ingatsegule.

Masamba ogawa zipangizo ndi nkhani ya chilolezo

Zothandizira aphunzitsi za pa intaneti zili m'magulu angapo. Pali masamba a mabungwe a zamaphunziro, monga ReadWriteThink ndi Reading Rockets ku America, amene amapereka pepala pamodzi ndi malangizo a kagwiritsidwe kake. Pali misika imene aphunzitsi amagulitsirana zimene apanga, monga Teachers Pay Teachers imene inayamba mu 2006. Pali masamba a makampani a mapulogalamu, amene amapereka zitsanzo zaulere pofuna kukopa anthu ku chida chawo. Ndipo pali nkhokwe za zipangizo zotseguka, monga OER Commons.

Mawu akuti zipangizo zophunzitsira zotseguka, OER mwachidule, anakhazikika pa msonkhano wa UNESCO mu 2002, patangopita chaka yunivesite ya MIT italengeza kuti iika zipangizo za maphunziro ake pa intaneti kuti aliyense aziwerenga. Mu 2019 mayiko a m'bungwe la UNESCO anagwirizana mfundo zolimbikitsa zipangizo zoterezi. Chofunika kumvetsa n'chakuti "chaulere" ndi "chotseguka" si mawu ofanana. Pepala laulere likhoza kukhala loletsedwa kulisintha, kulimasulira m'chinenero china, kapena kuliika pa tsamba la sukulu. Lotseguka limabwera ndi laisensi yonena poyera zimene munthu waloledwa kuchita, ndipo nthawi zambiri imakhala ya Creative Commons, bungwe limene linatulutsa malaisensi ake oyamba mu 2002. Zilembo zake n'zosavuta kuzizolowera: BY ikutanthauza kuti utchule mwini wake, NC kuti usachitire malonda, SA kuti ukasintha ugawenso pa laisensi yomweyo, ndipo ND kuti usagawe chimene wasintha. Zili ngati kusiyana kwa buku lobwereka, limene suloledwa kulembamo, ndi kope lopatsidwa kuti ulembemo ndi kugawirako ena. Kwa mphunzitsi amene ophunzira ake amalankhula chinenero chosiyana ndi cha pepalalo, zilembo ziwiri za ND zikhoza kutseka khomo lonse, chifukwa kumasulira ndi kusintha.

Poyesa ubwino wa tsamba, chizindikiro chodalirika n'chakuti likufotokoza nthawi yogwiritsira ntchito chithunzicho, likuonetsa chitsanzo chodzazidwa, ndipo likunena chimene ophunzira achite akamaliza kudzaza, kaya ndi kulemba ndime, kufotokozera mnzawo, kapena kuyankha funso pepala lili chitsekere. Tsamba longopereka mabokosi opanda kanthu mazanamazana lasiyira mphunzitsi ntchito yonse yovuta.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso latsopano kwambiri ndi la mapulogalamu a nzeru zopangidwa, a AI, amene tsopano amatha kusandutsa mutu wa buku kukhala mapu pa masekondi ochepa. Ena akuona mwayi kwa aphunzitsi opanikizika ndi nthawi komanso kwa ophunzira amene amavutika ndi ndime zazitali. Ena akufunsa kuti ngati phindu linali m'khama losankha mfundo ndi kutchula ubale wake, chitsala n'chiyani makina akachita zonsezo? Mwina ntchito ya wophunzira isanduka yofufuza zolakwika m'mapu a makina, koma kodi munthu amene sanamvetse nkhani angathe kuzindikira muvi wolakwika?

Sizinagwirizanikenso ngati kujambula pa sikirini kumaposa kujambula ndi dzanja. Kompyuta imafewetsa kusintha ndi kugwirira ntchito pamodzi, koma imabweretsanso chiyeso chotha theka la phunziro posankha utoto, ndipo imafuna zida ndi intaneti zimene si sukulu zonse zili nazo. Kodi zida zimenezi zichepetsa kusiyana pakati pa ophunzira, kapena zikukulitsa?

Palinso funso la kuchonga. Novak ndi Gowin anapereka njira yoperekera malikisi pa ziganizo zolondola, pa masitepe a kasanjidwe, ndi pa mizere yolumikiza mbali zotalikirana za mapu, koma mapu awiri osiyana kwambiri akhoza kukhala olondola onse. Kodi mapu akayamba kupatsidwa malikisi, ophunzira adzapitiriza kujambula zimene akuganizadi, kapena adzayamba kubisa maganizo okayikitsa amene mphunzitsi amafuna kuwaona?

Nkhani ya chinsinsi cha ana nayonso sinathetsedwe. Zida zambiri zimafuna dzina ndi imelo, ndipo zimasunga ntchito ya mwana pa makompyuta a kampani. Ku America lamulo la COPPA la mu 1998 limateteza ana osafika zaka 13, ndipo ku Europe lamulo la GDPR loteteza chinsinsi cha anthu linayamba kugwira ntchito mu 2018, koma mayiko amasiyana malamulo pamene chida ndi chimodzi padziko lonse. Ndani ayenera kuvomereza, mphunzitsi, sukulu kapena kholo, ndipo ntchitoyo ifufutidwe liti?

Pomaliza pali ophunzira osaona ndi oona movutikira. Mapulogalamu owerengera mawu a pa sikirini amawerenga mzere ndi mzere, pamene tanthauzo la mapu lagona m'malo amene bokosi lakhala ndi kumene muvi waloza. Mndandanda wa mitu ndi timitu umatha kunyamula kasanjidwe ka mtengo wa nthambi, koma umavutika kunyamula mizere yodutsana ya mapu a mfundo. Kodi ubale umene ena akuuona ndi maso ungaperekedwe mokwanira kudzera m'makutu kapena m'zala, ndipo udindo wochita zimenezo ndi wa wopanga pulogalamu, wa tsamba logawa pepala, kapena wa mphunzitsi amene waima patsogolo pa kalasi?